Manja a Atelala

Munthu wosungidwa pakhomo pa eni satsegula sutikesi ya mwini nyumba, ngakhale ataipeza yosakhoma. Lamulo limeneli ngakhale mwana amalidziwa. Koma masana a Lachiwiri lija, azakhali ake atangotuluka kupita kukayezetsa maso, Sizasi anagwada m'chipinda chawo, nakoka sutikesi kunsi kwa bedi, n'kuitsegula.

Dzina lakuti Sizasi anam'patsa ndi anzake a kukoleji, kumene ankaphunzira luso lokonza zikuto za mabuku ndi zikwangwani. Teremu imeneyo ankaphunzira kudula zidutswa za zithunzi zotola ndi kuzimata pamodzi kuti zibale chithunzi chatsopano. Mtsikanayo anali ndi dzanja labwino podula. Chithunzi chimene ankamata pa bolodi pokonzekera chionetsero cha Loweruka chinali cha anthu ogwira ntchito. Anali atamata kale denga la fakitale lochoka pa kalendala yakale, mawilo a njinga a m'nyuzipepala, ndi thambo limene analing'amba ndi zala kuti m'mbali mwake musakhale mosalala. Pakati panatsala malo a manja awiri. Koma manja onse a m'magazini anali ofewa, a anthu otsatsa sopo ndi mafuta odzola.

Pansi pa nsalu zopinda panali chithunzi chimodzi chokha cha malemu agogo ake aamuna, bambo a azakhaliwo, atakhala pa makina osokera. Chinali chitafiira ndi zaka. Manja awo anali pa nsalu, misempha ili poyera, ndipo chala cholozera cha kumanja chinali chopindika pamene singano inawalasa kalekale.

Akanatha kukachichititsa fotokope. Ganizolo linam'fikira ndithu, koma anakumbukira mawu a aphunzitsi akuti pepala la fotokope ndi lakufa, pamene lakale lili ndi mtundu umene makina sangaupange. Anadziuza kuti amenewa anali agogo akenso, ndiponso kuti maso a azakhali anali atayamba kale kuchita chidima. Munthu akafuna kulakwa, mtima wake susowa zifukwa. Anadula manja onse awiri mwaukhondo, nabwezera chotsalacho pansi pa nsalu.

M'mawa mwake aphunzitsi ankazungulira matebulo odzaza nyenyeswa za mapepala, akubwereza lamulo lawo la masiku onse.

"Kutola si kuba, koma malire ake ndi opyapyala ngati pepala. Tolani chimene mwini wake wataya. Ndipo kumbuyo kwa bolodi mulembe kumene chidutswa chilichonse chachokera."

Chipewa, mnzake wa tebulo limodzi amene sankavula chipewa ngakhale m'kalasi, anasuzumira.

"Koma manja awa ndiye akulankhula! Wadula ndani, iwe? Usatiuze kuti pali munthu akuyenda wopanda manja mumsewumu."

"Ndinatola m'bini, kuseri kwa shopu yojambula zithunzi," anatero Sizasi, maso ali pa guluu.

"Bini yako ndi yodala. Ine yanga ndimangopezamo makoko a nthochi ndi ntchentche."

Onse anaseka. Sizasi anatembenuza bolodi, nalemba mawu omwewo ndi cholembera chakuda. Bodza la pakamwa limauluka, koma iye lake analisainira.

Lachisanu madzulo anapeza azakhali akupala guluu wouma pa bulauzi yake, atavala magalasi atsopano.

"Iwe, ukuphunzira sukulu kapena ukutchera mbalame? Ulimbo ponseponse!" Anaseka, nam'yang'ana pamwamba pa magalasiwo. "Tsopano ndikuona ngakhale nyerere pakhoma. Mawa ndibwera ndidzaone zomatamata zakozo zimene zikundithera sopo."

"Musavutike, azakhali, ndi zazing'ono."

"Mwana wa mchimwene wanga ndi wanga yemwe. Bambo ako ali kutali, ndiye akuombere m'manja ndani?"

Sizasi anaganiza zokamatula manjawo. Koma guluu akagwira pepala lakale salisiya lamoyo, ndipo bolodi linali litapachikidwa kale.

Loweruka holo inadzaza makolo ndi abale. Pa ngodya ya chithunzi cha Sizasi anali atamatapo riboni ya wopambana. Chipewa anam'gwira paphewa.

"Lero ndiwe mfumukazi ya mabini! Komatu usadumphe kwambiri, mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi."

Sizasi sanaseke. Ankayang'ana azakhali, amene anali ataima patsogolo pa chithunzicho. Anaima nthawi yaitali. Anavula magalasi, nawapukuta ndi mpango, n'kuwavalanso. Chala chawo chinayandikira chala chopindika chija, koma sanachikhudze.

"Mayi, mwachikonda?" anafunsa aphunzitsi mwaulemu.

"Manja awa ndi a munthu wolimbikira," anayankha azakhali pang'onopang'ono. "Manja otere ndi amene amaphunzitsa ana sukulu."

"Mwanena zoona. Ndipo tangoganizani, mwana wanuyu anachita kuwapulumutsa m'bini. Eni ake anataya. Pali ana ena osayamika pa dziko pano."

"M'bini," anatero azakhali motsitsa mawu. Sanam'yang'ane Sizasi, ndipo sanatsutse. Anangopita kukakhala pa mpando wa kumbuyo, napinda manja pamiyendo.

Apo ndi pamene mtsikanayo anaona kukula kwa chimene anachita. Ndi sizasi anawononga chithunzi, koma ndi cholembera anasandutsa azakhali ake mwana wotaya bambo wake ku zinyalala. Ndipo iwo, kuti asam'chititse manyazi pa anthu, anasenza chitonzocho mwakachetechete, monga anasenzera chakudya chake ndi zochapa zake zaka ziwiri.

Aphunzitsi anaomba m'manja kuti anthu akhale chete, naitana wopambana kuti afotokoze mmene anagwirira ntchito yake. Sizasi anapita kutsogolo. Anatsitsa bolodi pa msomali, nalitembenuza kuti onse aone zolembedwa kumbuyo.

"Denga ili ndi la pa kalendala, mawilo ndi a m'nyuzipepala. Zimenezo ndi zoona," anayamba motero. "Koma mzere wachitatuwu ndi bodza, ndipo ndinalemba ndine. Manja awa palibe anawataya. Ndi a agogo anga, atelala, bambo a azakhali anga akhala kumbuyowo, amene amandisunga pakhomo pawo. Chithunzi chawo chinali chimodzi chokha, ndipo anachisunga bwino m'sutikesi. Ndinatsegula iwo kulibe, ndinadula osapempha. Aphunzitsi, sindinatole ayi, ndinaba. Mwana wosayamika amene mumanena uja si iwo, ndine."

Anamatula riboni ija, naiika patebulo pa aphunzitsi. Kenaka anayang'ana ku mpando wa kumbuyo, n'kugwada pansi anthu onse akuona.

"Azakhali, ndinakulakwirani. Manja a bambo anu ndi awa, koma kuwabwezera pamalo pake sindingathe."