Adada Sakhala Pansi

Zaka zinayi ndakhala ndikuwerenga mayendedwe a makoswe mu labotale ya ku yunivesite. Sekani, ntchito yake ndi imeneyo. Khoswe wothamanga magazi ukamuika m'bokosi, amangoti uku wapita, uku wabwera, osapuma. Anzake abwinobwino amanunkhiza pang'ono n'kukhala pakona.

Ndiye nditabwera kwathu ku Misuku kudzaperekeza adada ku opaleshoni ya ng'ala, ndinkadziona katswiri. Madokotala a maso amabwera kamodzi pachaka, ndipo tsikulo linali lomaliza pa ulendo wawo wa chaka chino. Zaka ziwiri zotsatizana adada anabwezedwa chifukwa cha BP. Diso lamanzere linali litatseka kale, lamanja silinkasiyanitsanso khofi wakupsa ndi wamuwisi.

"Vuto lanu mumafika muli wefuwefu, n'kukuyezani pomwepo," ndinawauza tikutsika phiri. "Lero mukhala pansi. Ngakhale khoswe timayamba tamusiya adekhe."

"Ndiye ine ndasanduka khoswe?"

"Khoswe amamvako, adada."

Koma abale, kumukhazika munthu ameneyu! Titafika kuchipatala, benchi sanalitenthetse n'komwe. Kufika mayi woyembekezera, adada nyamu, kumupatsa malo. Kumva mawu a a Sungani, mnzawo wa ku Mughese, nyamunso: "Mwawuka uli?" Kufunsa ana, mbuzi, mvula. Ine ndinatopa, kunena zoona ndinatopa. Pomaliza ndinawakhazika mokakamiza n'kuwapanikiza bondo ndi manja awiri, theka la ola lathunthu, anthu akutiseka.

Namwino, a Chrissy, anawakulunga lamba pamkono. Makina analira. Anayezanso mkono winawo.

"Mankhwala a BP aja mumamwa, bambo?"

"Ndimamwa, mutu ukandiwawa."

Makoswe anga sanaphonyepo mankhwala ngakhale tsiku limodzi, ndimalemba mpaka ola lake. Koma adada anga, nthawi zonse zija tinkalankhula pafoni, sindinawafunsepo. Ndinachita manyazi moti ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

"Pepani," anatero a Chrissy, akumasula lambayo. "Pamene yafikapa dokotala sangakhudze diso. Muzimwa tsiku lililonse, tidzaonane chaka chamawa."

Adada anathokoza, "Yewo chomene," ngati apatsidwa mphatso. Anatuluka okha ine ndikutolera buku lawo la kuchipatala. Nditawapeza panja anali ataima padzuwa, akuphethira, dzanja atalitambasula m'malere.

"Flora, uli mbali iti?"

Ndinali nditaima patsogolo pawo penipeni.