Hedi ya ku Auckland

Mabawuti onse analowa popanda kukakamiza, ndipo Folau anali atayamba kale kuimba mluzu pamene a Penisimani anatulukira pansi pa mtengo wa mango paja. A Penisimani ndiwo makaniko wa mbali yathu ino ya chilumba cha Vava'u, mnzawo wa malemu bambo a Folau, munthu wouma pakamwa. Anasuzumira mu injini ya pikapu ya Folauyo kamodzi kokha, n'kulamula kuti amasule zonse.

"Ndimasule chiyani, akuluakulu? Taonani mmene yakhalira."

"Masula, ndione kunsi kwake."

Folau anamasula akung'ung'udza. Nthawi ndiyo analibe. Linali Lachiwiri, Loweruka kunali mwambo wovundukula chiliza cha bambo akewo, a Siaki, ndipo zilazi za phwandolo zinali zikadali kumunda, makilomita asanu kuseri kwa phiri. Magalimoto ena awiri a m'mudzimo anali atagwidwa kale, ina ya alendo, ina ya nkhumba. Pikapu ikapanda kulira pofika Lachisanu, manyazi onse akanagwera iye, mwana wamwamuna yekhayo pakhomopo.

Hedi yakale, chivundikiro cha pamwamba pa injini chija, inang'aluka mwezi wathawo, madzi n'kusakanikirana ndi oyilo. Yatsopanoyi anabwera nayo ndi mlongo wake Kalolaine kuchokera ku Auckland, mzinda wa kutsidya kwa nyanja komwe ankakhala. Anainyamula m'sutukesi, makilogalamu makumi awiri athunthu, ndipo pabwalo la ndege atamuuza kuti katundu wachuluka, anatulutsa zovala zake n'kusiyira mwana wake, chitsulocho n'kuchisunga. Kuno anafika ndi diresi imodzi yakuda, yomwe ankachita kuchapa n'kudikira kuti iume.

A Penisimani anatenga gasiketi yakale, chopyapyala chija chimakhala pakati pa hedi ndi injini, n'kuisanjika pa hedi yatsopanoyo. Mabowo a mabawuti anakumana onse. Mabowo atatu a madzi anaphonyana, ndipo malo a mapisitoni anaperewera. Anafotokoza mosaweyulira kuti injini ziwirizi n'zapachibale, pampu ya madzi ungasinthanitse, sitata ungasinthanitse, koma hedi ayi. Hedi iyi inali ya injini ya 2.4, pomwe m'galimotomo munali yaikulu ya 2.8.

Folau anati aboole mabowo atsopano. A Penisimani anati aboole ndithu, adzafika nayo mpaka patchalitchi, ikadzawira adzataya hedi ndi injini yomwe. Folau anati nanga atatseka mabowo osakumanawo? Mkuluyo anangomufunsa:

"Nambala unaiwerenga pati? Ndinakuuza kuti upale girizi pa injini penipeni, mbali ya kumanzere."

Apa Folau anayamba kuyang'ana zala zakuphazi. Kalolaine anaimba foni Lamulungu masana, kufunsa nambala ya injini, ali kale pamalo ogulitsa zitsulo ku Auckland, poti kumeneko anthu amachita malonda tsiku lililonse. Kuno ndani angatsegule boneti Lamulungu, nyumba ya abusa ili kutsidya kwa msewu, makhonde onse ali ndi maso? Folau anangotsegula chitseko mwakachetechete, kutenga mapepala a galimoto, n'kuwerenga nambala ya pamenepo. Mapepala amadziwa injini yomwe pikapuyo inabwera nayo kuchokera ku Japan. Sadziwa kuti zaka khumi ndi ziwiri zapitazo injini imeneyo inang'alukanso hedi, hedi ina n'kusowa pachilumba chonse, a Siaki n'kuitsitsa kuikamo yaikuluyi. Chopweteka n'chakuti tsiku limenelo amene ankakoka tcheni anali Folau yemweyu.

Nkhope ya a Penisimani inawala mwadzidzidzi.

"Ndiye ukudandaula chiyani, chitsiru iwe? Injini yoyamba ija ilipo! Bambo ako anaithira oyilo m'mabowo monse n'kuifunditsa lata kuseri kwa khola la nkhumba, ine ndikuona. Inalibe vuto lina, inkangosowa hedi, ndipo hediyo ndi iyi. Masiku awiri taikweza."

Folau sanasunthe. Mkazi wake Lesieli, yemwe ankayanika zovala chapafupi khutu lili kuno, anasiya ndowa pansi.

"Auzeni komwe ili, bambo a Sela. Mwakhala chete bwanji?"

Anayenera kunena. Patapita miyezi itatu a Siaki atamwalira, iye pokonza pabwalo anaona injiniyo ikungodya malo. Msuweni wake Maikolo ankafuna chinthu cholemera chomangirirako boti lake. Anaigubuduza awiriwiri mpaka kugombe, kuikweza m'boti, kukaiponya pakati pa doko, iye n'kubwerako ndi dengu la nsomba akudziyesa wanzeru. Lesieli anawonjezera kuti anamuletsa katatu, ndipo nsombazo sizinali zonona n'komwe.

A Penisimani anapukuta m'manja pang'onopang'ono n'kuyamba kulongedza masipanala awo. Anati miyezi isanu ndi inayi m'madzi amchere, m'mene munkayenda mapisitoni muli nkhanu tsopano. Folau anawatsata n'kunong'ona kuti mwina angonena kuti wogulitsa wa ku Auckland ndiye anasokoneza. Mkuluyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuti bodza limenelo aliphike yekha, iwo sadzalawako.

Kalolaine anali pakhonde, akusoka nsalu yodzafunditsa chiliza. Kwathu kuno mlongo wako ndi wamkulu kwa iwe ngakhale unamuona akubadwa, sumutsutsa ndipo sukhala naye pafupi. Folau anakhala pansi patali, pa udzu, n'kufotokoza zonse, mapepala, Lamulungu, boti, mpaka nsomba. Ankayembekezera kukalipiridwa za zovala zija, ndipo zikanakhala bwino akanakalipiridwa.

Kalolaine anabaya singano pansaluyo n'kuisiya.

"Achimwene, nambala imene munandiwerengera ija ine ndinkaidziwa kale. Bambo ankanditchulira nambalayo Khirisimasi iliyonse, kuti ndiwafunire hedi, injini yawo idzalirenso. Ine ndinkangoti ndiona, ndiona, mpaka anapita. Nditaimva kwa inu ndinalira pamaso pa wogulitsa uja. Ndinkayesa mwaganiza zodzutsa injini ya bambo, kuti ndiyo idzanyamule chakudya chawo. Mukuganiza kuti zovala ndikanasiyira chiyani?"

Kalolaine anatolanso singano, n'kuuza Folau asakumuyang'ana kuti a Mosese a m'mudzi momwemo ali ndi hatchi ndi ngolo, akapemphe, ndipo Lachisanu dzuwa lisanalowe zilazi zonse zikhale pakhomo. Hedi ija anati aikulunge bwino m'thumba, akaiike kuseri kwa khola, pansi pa lata lomwe lija.

Folau anayenda maulendo asanu ndi umodzi, awiri patsiku, hatchi yokalamba ikuima pomwe yafuna, ana a sukulu akumufunsa kuti imeneyo ndi 2.4 kapena 2.8, poti Lesieli sanasunge nkhani. Zilazi zinafika zonse. Koma njira ya kumunda imadutsa pamwamba pa doko, ndipo popita ndi pobwera Folau ankaliona boti la Maikolo lili phee pamalo pake, mphepo ikulikoka, chingwe chili gwa. Injini ya a Siaki inali italigwira ndithu.