Lole ya ku Msonkhano

Zelesi, amene mwamuna wake a Redson ankasankha fodya pa esiteti ina ku Santhe, anadwala matenda osowa. Dokotala wa ku boma anati thupi lake linkadzithira nkhondo lokha. Mfundo zinkatupa, tsitsi linkathothoka. Anamupatsa mapiritsi ogonetsa asilikali a m'thupi, ndipo anawamwa zaka zingapo.

Matenda atagonja, dokotala anachepetsa mapiritsiwo pang'onopang'ono mpaka kusiyiratu. Koma anamuchenjeza kuti asilikali aja amachedwa kudzuka, choncho apewe pagulu ndi anthu otsokomola kufikira mvula itagwa.

Mwezi usanathe, a Esau, tcheyamani wa chipani m'deralo, anafika pakhomo kudzanena kuti amayi onse akwere lole kukavina kumsonkhano. Zelesi anagwada nafotokoza za dokotala. A Esau sanamuyang'ane n'komwe. Anangofunsa a Redson ngati ntchito ya pa esiteti yawatopetsa.

A Esau atachoka, a Redson anayamba kumunyengerera Zelesi. Ankati n'tsiku limodzi chabe, ankati aganizire ana.

"Bambo a Elube, munalipo pamene dokotala ankalankhula," anatero Zelesi. "Kapena makutu munawasiya kushedi ya fodya?"

Anakwerabe. M'lolemo anathinana ngati mabelo, fumbi lili koboo, mayi wina akumutsokomolera m'khosi njira yonse. Anavina dzuwa likuswa mtengo, mano ali gwa, nyimbo yoyamika ikutuluka pakamwa pamene mtima ukutukwana.

Chibayo chinamugwira sabata yomweyo. Anagona m'chipatala akupuma ngati mvukuto, ndipo a Redson akabwera ndi phala iye ankatembenukira kukhoma. A Esau sanapondeko. Namwino anamunong'oneza kuti asatchule za lole, makoma amamva.

Thupi linalimbana mpaka linapambana. Pofika nthawi yowokera fodya, chimfine chinkabwera n'kupita chokha, bala la khasu linkapola msanga. Dokotala atayeza magazi anamwetulira, nati asilikali adzuka ndipo sakumenyanso mwini wawo.

Pobwerera, a Redson anamukweza panjinga akuimba kanyimbo ka kutchalitchi. Anati Mulungu ndi wabwino, zakale ziiwalike.

"Imani," anatero Zelesi.

Anatsika, namanga chitenje.

"Ndachira ine, osati inu. A Esau akadzabweranso mudzavale chitenje mukavine nokha."

Anayenda wapansi mpaka kunyumba, a Redson akukankha njinga pambuyo pake.