Dzino Loyera ndi Ulusi wa Ukonde

Dzino langa lakutsogolo linabenthuka pa lole ya ku Makanjira, galimoto itagwa m'dzenje ine n'kumenyetsa kamwa pachitsulo. Ukwati wa mwana wanga Abiba unali utayandikira, ndipo sindinafune kuti akuchimuna akaone mayi wa mkwatibwi akuseka atatseka pakamwa ndi mpango.

Ndinapita pa kachipatala kena ka mano ku Boma. Adokotala ake, a Fletcher, anandiika thonje m'kamwa, n'kumata pobenthukapo ndi kaphala koyera. Anawalitsapo katochi ka buluu, kaphala kaja n'kuuma pompo. Iwo ndi pakamwa pawo anati lalimba ngati mwala. Mawu amenewo sindinawapeke ine.

Chimwalirireni amuna anga, ndimadya za kusoka maukonde a anthu. Ndipo aliyense wa kunyanja akudziwa kuti wosoka ukonde akamanga mfundo safunafuna mpeni, amadula ulusi ndi mano. Nditafika kumudzi ndinakhala pansi ndi ukonde wa a Hafiz, asodzi a m'mudzi mwathu. Mfundo, kuluma. Mfundo, kuluma. Kenaka ndinamva kuti the! Mwala wa adokotala uja uli pa lilime ngati kanjere ka mpunga.

Ndinaukulunga m'kansalu n'kukweranso lole yomwe ija, mtima ukutentha njira yonse. Nditalowa kwa adokotala sindinapereke moni, ndinangouika patebulo.

"Mwala wanu uwu."

Anandifunsa ngati ndinatafuna fupa. Nditawauza za ulusi anagwira kumutu. Akuti kaphalako kamapirira kutafuna chakudya, koma kamangomatirira pa dzino, ndiye ukakakoka cham'mbali ndi nailoni kamamatuka. Akutinso ndisamamwe tiyi wambiri, kamada.

"Nanga bwanji simunandifunse ntchito yanga? Mwakhala kunyanja kuno zaka zonsezi, nsomba mumadya, simudziwa kuti ukonde timasoka bwanji?"

Anati kwawo ndi ku Dedza. Ndinawauza kuti ku Dedza komweko anthu amasenda mizimbe ndi mano.

Anavomera kumatanso, koma anati malovu akangokhudzapo sikagwira, choncho ndisalankhule mpaka amalize. Ndinaona ndithu kuti pamenepo akondwa. Ndinagona pampando paja kukamwa kuli yasa, mawu onse amene ndinawakonzera pa lole atatsekeredwa ndi thonje.

Tsopano ndimayenda ndi kampeni pachingwe m'khosi ngati chithumwa. Ntchito ikuchedwa, ndipo dzanja limapitabe lokha kukamwa, ine n'kulibweza. Anzanga osoka amandiseka kuti ndili ndi dzino la bwana, losagwira ntchito.

Pa ukwati wa Abiba ndinaseka pakamwa posatseka, dzino lili mbee, akuchimuna osazindikira kanthu. Koma a Fletcher sindinawakhululukire. Munthu ngati chinthu chili phala, azinena kuti ndi phala.