Chala cha Ba Muleya

Mzungu wina anali atavula kale wotchi yake, koma Ba Muleya anaikankha ndi dzanja.

"Wotchi nili nayo, bwana. Nifuna chija chakuda chili mu chola."

Pamsika wa ziboliboli wa ku Mukuni malonda amayenda choncho. Mlendo akasowa makwacha amapereka shati, chipewa, ngakhale masokosi. Anzawo onse ankasankha zovala, koma Ba Muleya, mwamuna amene anagulitsako njovu zamtengo ku Windhoek, ku Dar es Salaam mpaka ku Joni, ankafuna chokoleti chakuda basi. Mvuu yosemedwa bwino inapita, chokoleti chinatsala.

Zinayamba ndi mayi wina wachizungu amene anawauza kuti chokoleti chakuda ndi chabwino kwa odwala shuga ngati iwo. Ba Muleya atalawa, nkhope inachita tsinya: chinali chowawa ngati masamba a nimu. Pomwepo mlandu unatha. Shuga ndi wotsekemera, chomugonjetsa chiyenera kuwawa. Mapiritsi a ku kiliniki anawaponya kuseri kwa wailesi, n'kuyamba kudya chokoleti chathunthu m'mawa, china masana.

Koma panali chala. Kasemasema anawagwera pachala chachikulu cha kuphazi, ndipo chilondacho chinakana kupola. Nesi anali atanena mosabisa kuti shuga akapanda kutsika, chalacho adzachidula.

"Ba dokota a Mukuni alandira mankhwala!" anakuwa Ba Mwiinga, wa benchi loyandikana. "Nanga phazi mwaimangira chani nsanza, ngati mankhwala isebenza?"

"Iwe Mwiinga, unafikako kuti? Kazungula chabe! Ine ninaona nyanja ya mchere na maso yanga. Ungandiphunzitse za azungu?"

Anthu akali kuseka, Ba Muleya anaona akazi awo, Ba Olipa, akutsika minibasi ya ku tauni. Sanabwere ndi chakudya. M'manja munali kamakina koyezera shuga, kobwereka kwa mnzawo wa kutchalitchi.

"Bashi Cheelo, letani chala," anatero, kuwaitana amuna awo ndi dzina la mwana wawo.

"Pano? Pa bantu?"

"Kunyumba mumathawa. Pano ndiye mumakamba maningi."

Osema onse anasiya ntchito. Ba Muleya akanatha kukana, koma Mwiinga anali atapinda kale manja, mano onse pamtunda. Ba Muleya anaimirira, natambasula dzanja ngati akulandira mendulo.

"Lasa! Muone lelo, imwe bosayenda. Makina yamene iyi izanichitira umboni."

Kasingano kanalasa, kadontho ka magazi kanatuluka. Kamakina kanalira. Ba Olipa anayang'ana, natembenuzira kagalasi kwa amuna awo. Shuga anali atakwera kuposa tsiku limene nesi anawakalipira.

"Yafa iyi makina," anatero Ba Muleya.

Mwiinga anapereka chala chake. Makina omwewo anaonetsa kuti iye ali bwinobwino. Nthawi ino palibe anaseka, ngakhale Mwiinga yemwe.

"Mayi wachizungu uja sananame," anatero Ba Muleya, mawu akukwera. "Ananiuza pamaso panga!"

"Sananame, ee," anayankha Ba Olipa. "Ninafunsa ba nesi. Akuti chakuda chili na shuga yochepa kusiyana na cha mkaka, kachidutswa kamodzi sikangakupheni. Koma shuga ilimo, na mafuta yalimo. Si mankhwala. Mzungu wanu anakamba kuti mudye chonse monga chimanga chowotcha? Anakamba kuti mutaye mapiritsi?"

Ba Muleya anakumbukira zala za mayi uja zikubenthula kangodya kakang'ono, kochepa ngati chikhadabo. Iwo anaganiza kuti ndi kuumira kwa azungu.

Anayang'ana phazi lawo. Nsanza inali itanyowa, ntchentche zikuizungulira. Chala chimenecho chinaponda mchenga wa ku Namibia, chinakwera masitima, chinaima m'mizere ya pamalire dzuwa likuswa mtengo. Ndiye chikathere m'beseni la kuchipatala chifukwa cha switi?

"Mapiritsi yali kuti?"

Ba Olipa anamasula mfundo ya chitenje. Anali atawatola kuseri kwa wailesi.

Ba Muleya anameza ali chiimire, maso ali pa Mwiinga. Kenako anatenga chokoleti chija, nabenthula kangodya kamodzi n'kukaika m'thumba la shati. Chotsalacho anachiponya pabenchi la mnzawoyo.

"Idya iwe, uzibeko vakudya va bantu boyenda. Ndipo osakamba ati nagonja. Chala ichi palibe azachidula. Mawa nizayenda ku kiliniki neka, na mendo yanga."

"Tizayenda tonse," anatero Ba Olipa.

"Nati neka!"

"Tonse."

Basi ina ya alendo inaima, fumbi n'kuti kobo. Mnyamata wamtali wachizungu anakonda njovu yaikulu ya pakona, ndipo dalaivala, amene ankadziwa mtengo wa Ba Muleya, anamunong'oneza. Mnyamatayo anatulutsa chokoleti chakuda, akumwetulira.

Ba Muleya sanachiyang'ane n'komwe. Analoza pansi, pa nsapato zofewa zimene mlendoyo anavala.

"Izo, bwana. Vula. Nifuna zokwana vala vonse visanu va kuphazi."