Bucha ndi Lumo la Apongozi

Bucha ankadziwa mipeni, ndipo ankafunitsitsa kuti msewu wonse udziwe kuti amaidziwa. Kubutchala kwake, pafupi ndi sikelo, panali mwala wake wonolera, waukulu, wokhakhala ngati lilime la ng'ombe. Akakhwekhwezapo mpeni, makasitomala ankasunthira m'mbuyo, iye n'kumaseka.

Kunyumba ankasunga apongozi ake aamuna. Akuluwa anagwira ntchito yometa anthu moyo wawo wonse, mpaka sitiroko inawalanda dzanja lamanja ndi theka la mawu. Anabwera ndi sutikesi ndi kabokosi. M'kabokosimo munali lumo lopinda lachikale, lamba wachikopa, ndi miyala iwiri yosalala. Tsiku lomwe anafikalo Bucha anaisisita miyalayo ndi chala, nati mumtima: sopo ameneyu, mwala wanji wosaluma? Mwala wina anauika pansi pa mwendo wa tebulo lomwe linkagwedera, winawo unapita kukatsekereza chitseko cha kubafa.

Malezala a m'sitolo apongozi sankafuna n'kuwaona komwe. Mwana wawo, mkazi wa Bucha, akabwera nalo limodzi, ankatembenukira kukhoma. Ndevu zinangokula, zotuwa, zoyang'ana kulikonse.

Kenako anzawo ometa anatumiza uthenga kuti adzabwera kudzawaona Lamulungu masana. Apongozi anagwira ndevu zija, nazyolika.

"Zazing'ono izo, bambo," anatero Bucha. "Ine ndimasenda ng'ombe yathunthu. Chibwano chimodzi chingandivute?"

"Bambo anga si ng'ombe," anatero mkazi wake.

"Ndikunena luso, mayi, osati nkhope."

Apongozi anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anakankhira kabokosi kaja kwa iye. Sanalolepo munthu wina aliyense kuligwira lumolo.

Loweruka Bucha analitengera kuntchito. Linali lobuntha pang'ono chabe. Analitukula msana monga achitira ndi mpeni, nalikanikiza pamwala wa nyama uja ndi mphamvu za munthu wodula mafupa. Analiyesa pamkono. Silinamete, linazula. Ananolanso, nayesa penanso. Pofika masana mkono wamanzere unali ndi zigamba zofiira, ndipo kunsonga kwa lumo kunali mano ngati sowo.

Anathamangira kuhadiweya. Wogulitsa anamuyalira miyala, ina yokhakhala, ina yosalala. Bucha anasankha monga asankhira nthawi zonse: uja unamukanda chala kwambiri.

"Umenewo ndi wa zikwanje, achimwene. Mukufuna kunola chiyani?"

"Chitsulo," anatero Bucha, poti kunena zoona kunamulemera pakamwa.

Madzulo a tsikulo mkono wamanja nawo unafanana ndi unzake.

Lamulungu m'mawa kunatentha, koma Bucha anatuluka kuchipinda atavala malaya a manja aatali, mabatani onse otseka.

"Mwaitanidwa ku intavyu, bambo?" anafunsa mkazi wake.

"Chimfine."

"Chimfine cha m'mikono?"

Apongozi anali atakhala kale pampando pafupi ndi zenera, thaulo pakhosi, sopo ndi beseni zili patebulo. Anatambasula dzanja lamanzere. Bucha analipereka lumo ndi manja awiri, maso ali padenga. Akuluwo analiyendetsa pachikhadabo cha chala chachikulu. Linakodwa, n'kukodwanso. Akanakalipa zikanakhala bwino. Iwo anangolipinda pang'onopang'ono, naliika pamwendo ngati mbalame yakufa. Kenako anakoka dzanja la malaya a mkamwini wawo.

"Mayo ine!" mkazi uja anagwira pakamwa. "Galu wa mphere!"

"Mwala," anatero apongozi.

Bucha anatulutsa wa kuhadiweya uja. Apongozi anaukankha ndi phazi.

"Wanga."

Pamenepo Bucha, munthu wamkulu wa mimba yake, anagwada, nakwawira pansi pa tebulo, nalitukula ndi phewa. Madzi a m'beseni anamutayikira pamsana. Anatuluka ndi mwala uja uli fumbi lokhalokha.

"Winawo uli kuti?" anafunsa mkazi wake.

"Kubafa," anayankha ndi mawu a mwana wobedza shuga.

Atatsukidwa, miyalayo inaoneka kusiyana kwake. Wa kubafa unali ndi timchenga tosamveka bwino pachala, wa patebulo unali see ngati galasi. Apongozi analoza wa kubafa kuti ndiye woyambira, nadonthezerapo madzi.

"Goneka."

Bucha analigoneka lumo, koma msana wa lumolo unadzuka wokha mwachizolowezi. Apongozi anamupatsa khofi la pachigongono.

"Goneka!"

Msana ndi nsonga zonse zinagona pamwala. Dzanja lamanzere la akuluwo linakhala pamwamba pa la Bucha, likulipepuza nthawi iliyonse likafuna kukanikiza. Kupita, kutembenuzira kumsana, kubwerera. Mano aja anachedwa kutha. Dzuwa linachoka pazenera, madzi a pamwala anada bii, ndipo lumo linachepa m'lifupi moti aliyense akanaona. Apongozi nawo anaona. Anasinthira pamwala wosalala uja, kenako palamba.

"Yesa."

M'mikono munalibenso poyesera. Bucha anapinda buluku. Tsitsi la pamwendo linagwa lokha, popanda phokoso.

Apongozi anatukula chibwano, natsinzina.

Tsaya limodzi linali litayera, linalo lidakali thovu, pomwe kunja kunamveka "Odi!" Bucha anafuna kubisa lumo kumbuyo. Apongozi anamugwira pamkono, pachigamba penipeni.

"Alowe."

Analowa madala atatu, zibwano zawo zili phuliphuli. Anapereka moni, nazungulira mpando manja ali kumbuyo, monga anthu oonera ngozi.

"Lumo lija laonda bwanji, akulu?" anafunsa wamtali.

"Likudwala limodzi ndi mwini wake," anatero wina. Kenako anaona mikono ya Bucha. "Koma mkamwini, amene anakumetani apa mukamusumire."

Anaseka onse, ndi apongozi omwe, pakamwa pawo potsamira mbali imodzi, thovu likugwedezeka. Makutu a Bucha anatentha ngati ali pamoto.

"Wophunzira," anatero apongozi. Anapumira kaye. "Wanga."

Ndipo anapereka tsaya linalo.