Mphero ya Pansi pa Mkuyu

Zikhale sankadana ndi mbalame. Chimene chinkamuwawa chinali kuuzidwa kuti akhale chete pamalo pamene mchombo wake unagwera.

Chaka chimene likulu linachoka ku Zomba kubwera ku Lilongwe, iye analembedwa ntchito yosamalira maluwa kunyumba ya a Lemson Mhango ku Area 9. A Mhango anali mkulu wa mu ofesi ya boma, kwawo ku Rumphi, munthu wosakalipa, wokonda kujambula mbalame kuposa mpira kapena mowa. Loweruka lililonse m'mawa ankakhala pakhonde lakuseri ndi kamera yawo, kudikira nduwaluwa ndi apumbwa kuti atere mu mkuyu wa pakona pa mpanda. Nthawi imeneyo Zikhale sankaloledwa kusesa, kukankha wilibala ngakhale kutsokomola.

Mkuyuwo Zikhale ankaudziwa bwino. Mudzi wawo unali pomwepo asanabwere anthu okhoma zikhomo, m'mbuyo mwawo mathirakitala. Nyumba ya amayi ake inali pamene tsopano panali garaja. Mudzi wonse anaukweza pa malole n'kukautsitsa kudera la miyala, ndipo amayi ake anamwalira komweko dzinja loyamba. Zonsezi sanauzepo bwana wake.

Tsiku lina a Mhango anamutuma kuti akumbe kadzenje pansi pa mkuyu, aikemo simenti, mbalame zizimwapo madzi. Khasu linagunda mwala. Atafukula anapeza mphero, yokumbika pakati, yobenthuka mbali imodzi. Anaizindikira nthawi yomweyo. Amayi ake ankaperapo mawere, ndipo tsiku la malole anailirira, koma dalaivala anakana kuti ndi yolemera.

"Eya, basi simenti sitiguranso!" anatero a Mhango akuseka. "Tsukani bwinobwino a Zikhale, muthiremo madzi."

Anatsuka. Anathira madzi. M'mawa uliwonse ankachotsamo zitosi ndi nthenga, mano ali gwa. Mbalame zinachuluka, zithunzi nazo zinachuluka.

Lamulungu lina masana kunabwera alendo atatu a ku ofesi. Anakhala pa kapinga akupatsirana zithunzi, Zikhale akuthirira maluwa chapafupi. Mlendo wina anafunsa kumene anagula mwala wokongola chotero.

"Tinangotola pompano," anayankha a Mhango. "Kunotu kunalibe anthu, linali thengo lokhalokha. N'chifukwa chake mbalame zake n'zosaopa."

Ndowa inagwa pansi, madzi n'kuthovukira pa nsapato za alendo.

"Thengo?" anatero Zikhale. "Bwana, kwanu mphero imamera yokha ngati bowa?"

"A Zikhale, pali alendo."

"Alendo amve! Mwala umenewo ndi wa amayi anga. Pamene mwakhalapo panali nkhokwe yathu. Galimoto yanu imagona pamene ine ndinabadwira. Inu mumaona kambalame kali pamwamba penipeni pa mtengo, mpaka mtundu wa diso lake mumaudziwa. Koma munthu amene amakuthirirani maluwa simunamufunsepo n'kamodzi komwe kuti kwanu n'kuti!"

Alendo anayang'ana pansi. A Mhango anavula magalasi, nkhope itagwa.

"Sindinadziwe. Pepani. Komatu inenso sanandifunse pondichotsa ku Zomba. Tonse tinasamutsidwa."

Mawu amenewa ndiwo anamupsetsa mtima koposa.

"Tonse? Inu anakusamutsirani m'nyumba ya magetsi. Ife anatitaya pamiyala ngati zinyalala. Musandiphatikize!"

Anakankha wilibala mpaka pansi pa mkuyu, n'kukhuthula madzi a mu mphero. Njiwa zimene zinali pomwepo zinabalalika. Anagubuduza mwalawo yekha, msana ukulira, mpaka unalowa mu wilibala. A Mhango anaimirira kuti amuthandize, ndipo anati atenge galimoto amuperekeze.

"Khalani. Wilibala yanu ndibweza mawa. Ntchito yanu ndabweza lero."

Anayenda mtunda wonse pansi, fumbi la malole a njerwa likumuthira kumaso. Manja anatuluka matuza. Anafika kumudzi watsopano dzuwa litapendeka, n'kutsitsa mphero pakhomo pa mlongo wake Efelo.

Efelo anagwada, n'kusisita pobenthuka paja, misozi ili mbwembwembwe. Kenaka anadzuka n'kufunsa chimene chachitika. Atamva, anagwira m'chiuno.

"Ndiye mwasiya ntchito chifukwa cha mwala, achimwene? Tiperapo chiyani? Mawere ake ati? Munda uno ngakhale nandolo akukana!"

"Ukanakonda mbalame zizinyerabe pamenepa?"

"Ndikanakonda ana anga adye!"

Anakangana mpaka anthu oyandikana nawo anatuluka m'nyumba. Palibe anagonja. Potsiriza Efelo anakokera mpheroyo pakhonde, n'kuifunditsa chiguduli kuti mbuzi zisakwerepo.

M'mawa mwake Zikhale anabweza wilibala. Anaisiya pageti kwa mlonda, osalowa, ngakhale a Mhango anamuitana kawiri ali pakhonde. Anapitirira mpaka ku City Centre, kumene ankamanga maofesi atsopano, n'kuima pamzere wa ofuna ntchito. Kapitawo anamuyang'ana m'manja, anaona matuza aja, n'kumupatsa piki. Anamulozera kokumba maziko, pamalo pamene mizere ya munda wa munthu wina inali ikuonekabe.